Kabokosi Kachitatu

Mawu a malemu anazimiririka Loweruka m'mawa, ndipo tiyi asanazizire n'komwe, nyumba yonse inali itagwirizana kale kuti wawafufuta ndi Wailesi.

Wailesi si dzina lake lenileni ayi. Anamupatsa ndi bambo ake, malemu omwewa, chifukwa mtsikanayu akadzuka ndiye kuti nkhani zadzukanso: uyu wathawidwa ndi mkazi, uyo wagula firiji koma magetsi alibe, aphunzitsi a masamu akufuna nesi wa kuchipatala. Koma tsiku limeneli anangoima pakhomo la kachipinda ka katundu, manja kumbuyo, pakamwa pali gwa.

M'kachipindamo, pansi pa shelefu, pakati pa ndowa ndi simbi yositira, munali seva. Bambo ake anali mmisiri wowotcherera zitsulo, koma mtima wawo unali pa makompyuta. Anatola kompyuta yakale imene ofesi ina inataya, n'kuisandutsa nkhokwe ya banja lonse. Inalibe sikirini, inalibe kiyibodi, kabokosi kakuda chabe kongong'ung'udza. Munali zithunzi za ukwati, munali zimene kamera ya pageti inkajambula, komanso munali mawu. Miyezi itatu yomaliza, atagona osadzukanso, bambowo ankalankhula pafoni n'kumasamutsira mu sevamo: malangizo, nyimbo, nthabwala zawo zija zosaseketsa. Chiwaikireni m'manda, masabata atatu tsopano, amayi ankawamvera pafoni yawo kamodzi m'mawa uliwonse asanatsuke m'kamwa. Lero anadina, anadinanso, zii.

"Dzulo kusukulu sunapite," anatero amayi, osamuyang'ana. "Aphunzitsi ako aimba foni. Unali kuti?"

Wailesi anayang'ana pansi.

"Musamukalipire, achemwali," anatero amalume ndi mawu awo ofewa aja. Amalume ndi achimwene awo a amayi, amagwira ntchito pashopu ya fotokope, ndipo chichitikireni maliro sankasowa pakhomopo. "Ine za makompyuta sindizidziwa, zanga n'kudina batani lobiriwira basi. Koma ana a masiku ano amafuna kuonetsa nzeru. Mwina anafuna kuona za kamera zija, chala n'kuterereka. Mulungu ndiye amadziwa."

Za kamerazo ndi izi. Lolemba anapeza kuti makina owotcherera a malemu asowa m'shedi, loko ali bwinobwino. Wailesi, mwa chizolowezi chake, anauza aliyense wokhala ndi makutu kuti wakubayo aoneka Loweruka, aneba awo Mayi a Mawaya akabwera, popeza ndi iwo okha anali ndi pasiwedi ya kamera.

"Lolemba ukakhala kwa amalume ako," anatero amayi. "Kalongedze. Sindikukumenya, sindikukutukwana. Kungoti nkhope yako sindingathe kuiona panopa."

* * *

Mayi a Mawaya amakhala kuseri kwa mpanda. Ntchito yawo n'kuyala mawaya a netiweki m'maofesi, ndipo sabata yonseyo anali kutali ku ntchito. Ndi mayi wamfupi, wosaseka wamba, moni wake ndi wa mawu awiri. Anthu amati mwamuna wawo anathawa chifukwa ankamufunsa mafunso ngati wapolisi, koma zimenezo n'za anthu.

Analowa m'kachipindamo ndi chikwama chawo, nagwada, nalumikiza kasikirini kawo. Wailesi anawagwirira tochi. Zilembo zoyera zinayamba kutsetsereka pa sikirini yakudayo.

"Palibe chala chaterereka apa," anatero. "Munthu waika sisitimu yatsopano, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Itamufunsa kuti iikidwe pati, wasankha disiki yonse. Ndiko kufufuta kumeneko. Ndipo sisitimu imalemba zonse zimene wachita poiika. Anayamba dzulo 10:12 m'mawa, anamaliza 10:58."

Anajambula sikiriniyo ndi foni, kenako anazula waya kukhoma. Kung'ung'udza kuja kunaleka. Anamasula zomangira, natulutsa disiki, naikulunga m'kansalu.

"Ikamayaka imalemba pamwamba pa zakale. Tsopano tandiuza. Bambo ako anakuphunzitsa kuika sisitimu?"

"Kamodzi. Chaka chatha."

"Pamene imakupatsa mndandanda wa mapulogalamu oti usankhe, anati uzitani?"

Wailesi anakumbukira. Mawuwo anatuluka monga ankawanenera eni ake. "Chotsa chonga pa zokongoletsa sikirini, seva si TV. Chonga kakhomo kolowera uli patali. Siya zida za masiku onse. Tiwiri basi. Chilichonse wachonga, wachitsegulira chitseko cha nyumba yako."

"Unauzako ndani zimenezi?"

"Anzanga. A Nesi. A Magalasi. Amalume. Mayi ogulitsa mazira..."

"Dziko lonse." Mayi a Mawaya anapukusa mutu. "Wochita izi watsatira bwino lomwe. Zokongoletsa wachotsa, kakhomo wachonga, zida wasiya. Aliyense woona anena kuti ndi dzanja la mwana wa malemu. Dzulo teni koloko unali kuti?"

"Kumanda," anatero Wailesi, mawu ali pansi. "Ndinkakawauza nkhani. Ndikaweruka kusukulu ndinkawauza zonse za tsikulo, ndiye zinachuluka. Amayi akamva alira, n'chifukwa sindinanene."

"Anakuona ndani?"

"Palibe."

Mayi a Mawaya anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ananso chithunzi cha pafoni chija.

"Wati tiwiri basi?"

"Tiwiri."

"Apa pachongedwa titatu."

* * *

A Nesi amachita lendi chipinda cha kumapeto kwa khonde. Anatsegula chitseko ali ndi nsalu kumutu, diso limodzi likadali m'tulo.

"Ndinanena kale," anatero. "Ndinaweruka eyiti, ndinamwa mankhwala a mutu, ndinagona. Ndinadzidzimuka teni itangodutsa. Wina ankakoka TV ya pabalaza, inagunda khoma kawiri."

"Munatuluka?"

"Mayi, ndinali nditaima maola khumi ndi awiri. Nyumba ikanapsa ndikanapsa nayo."

"Ndiye munadziwa bwanji kuti ndi mwanayu?"

"Sindinati ndi iye. Ndinati ndinamva munthu m'kachipinda ka katundu. Ena ndi amene anamalizitsa chiganizocho." Anayasamula. "Amalowamo ndani wina? Amayi ake anali atapita kukatenga chikalata cha imfa."

"Munamvanso chiyani?"

"Kutaipa. Kwambiri, ngati mvula pamalata."

Mayi a Mawaya anacheukira Wailesi. "Iwe umataipa ndi zala zingati?"

"Pafoni ndi ziwiri, koma ndimathamanga. Pakiyibodi ndimachita kusakasaka zilembo."

"Ngati nkhuku yotola chimanga," anatero a Nesi. "Ndinamuonapo. Koma musandiike m'kamwa mawu, ine sindinaone nkhope ya munthu."

"M'nyumba muno muli kiyibodi?"

"Inali imodzi," anatero Wailesi. "Abambo anaitayira tiyi, tinaitaya."

"Ndiye mlendo wathu anabwera ndi yake," anatero Mayi a Mawaya. "Ndipo chitseko sanathyole."

* * *

A Magalasi anawapeza kumsika wa zitsulo, akugogoda chitseko cha geti. Anagwira ntchito ndi malemu zaka khumi ndi zisanu, ndipo magalasi akuda owotchererawo sachoka pamphumi pawo, ngakhale m'tchalitchi. Makutu awo anatha ndi phokoso la gulayinda, ndiye amayankha zimene afuna.

"Mwabwera kudzandigwira?" anatero osaleka kugogoda. "Ndamva kale. Ati mkulu uja ali ndi kiyi wa shedi. Ee, ndili naye. Nayu. Wa nyumba ndilibe, sindinaufunepo."

"Dzulo m'mawa munali kuti, bambo?"

"Mawa?"

"Dzulo."

"Pompano. Funsani uyo wa matayala, anandibwereka nyundo, mpaka pano sanabweze." Anaika chitsulo pansi, nayang'ana Wailesi. "Ine kompyuta ya bambo ako ndinkaiopa ngati njoka. Akati bwera uone, ine ndimati ndaona. Koma makina aja ndimawadziwa. Munthu mmodzi sanganyamule. Pamafunika galimoto, pamafunikanso munthu woti akatsegula geti masana, aneba asadabwe."

"Mukuganizira ndani?"

"Ine sindiganiza, ndimawotcherera. Koma iwe mwana, ukatchera msampha sumaimba ng'oma. Unauza aliyense kuti Loweruka tiona wakuba. Wakubayo analibe makutu?"

Wailesi anamva nkhope ikutentha. Anatsatira Mayi a Mawaya kutuluka mumsikamo. Nkhani ija anaiyendetsa yekha, khomo ndi khomo, akusangalala kuti anthu akutsegula maso. Akanatseka pakamwa masiku asanu okha, bwenzi mawu a bambo ake alipo.

"Makiyi a nyumba ali ndi ndani?" anafunsa Mayi a Mawaya ali pamphambano.

"Amayi, ine, a Nesi." Anaima kaye. "Ndi amalume. Anawapatsa nthawi ya maliro, kuti azilandira anthu."

"Tiye tikapange fotokope."

* * *

Shopu ya fotokope inali yopapatiza, yonunkha inki ndi mapepala otentha. Kukhoma kunali makompyuta asanu, uku chipulinta chachikulu chikulavula mapepala. Mwini shopu ndi mayi wonenepa wa ndolo zazikulu, amene amalankhula uku akuchita zinthu zitatu.

"Ii, mwana wa malemu, pepa mwanawe, pepa. Wakula bwanji. Amalume ako ndawapatsa tsiku, ati akakhale ndi mlongo wawo. Pepala limodzi lokha? Ikani apo. Iwe, osagwira sitepula imeneyo."

"Makompyuta anuwa akuyenda bwino," anatero Mayi a Mawaya. "Amakukonzerani ndani?"

"Ndani winanso? Amalume ake a uyu. Ine ndiye ndilibe mwayi ndi antchito, koma pamenepo ndinapata. Ikangovuta, fulashi m'thumba, sisitimu yatsopano, ola lisanathe yayamba kusindikiza. Onse asanuwa anaika okha, kaya kangati. Ena amaika sisitimu, ukati usindikize, kompyuta ikuti pulinta sindikuidziwa. Iwo ayi, sanaiwalepo ngakhale kamodzi."

"Dzulo analipo?"

"Dzulo musandikumbutse. Lachisanu, ana a sukulu ali mbwee ndi mapepala awo, iwo ati ndikagule inki. Teni isanakwane. Abwera dzuwa lili pamutu, inki palibe, ati yatha m'mashopu monse. Nthawi yonseyo kompyuta yachitatu ili chabe, kiyibodi palibe. Ndikufunsa, ati ndinakaipukuta fumbi. Fumbi amakapukutira kunja kwa shopu? Mwati pepala limodzi, eti?"

Atatuluka, Wailesi sanapite patali. Anakhala pa mwala wa pakhonde la shopu ina. Amalume omwe anamunyamula pamapewa ali wamng'ono. Amalume omwe anatsogolera nyimbo pamaliro, misozi ili mbwe.

"Amayi sakakhulupirira," anatero. "Ndi achimwene awo. Akati mayi a shopu ndi olongolola, ngati ine."

"Akatero ndithu. Kiyibodi ndi inki sizokwanira."

"Ndiye Lolemba ndikupita kukakhala kwa iwo."

"Dzuka," anatero Mayi a Mawaya. "Tikafika, iwe usakayankhule kanthu. Ungathe?"

* * *

Anafika dzuwa litapendeka. Chikwama cha Wailesi chinali kale pakhonde, amayi atachilongedza okha. Pabalaza amayi anakhala pampando wa malemu, foni ili m'manja. Amalume anali pambali, Baibulo pabondo. A Nesi anaima pakhomo ndi kapu ya madzi, ati akungodutsa, koma sanadutse.

Mayi a Mawaya anaika laputopu yawo patebulo, sikirini itayang'ana kwa iwo eni.

"Amake Wailesi, ndikufuna ndikuonetseni mmene ntchitoyi inagwiridwira. Munthu akamaika sisitimu, imamufunsa mafunso. Chilankhulo, nthawi, dzina la kompyuta, disiki. Chakumapeto imabweretsa mndandanda wa mapulogalamu, uliwonse ndi kabokosi kake, kuti achonge zimene akufuna. Malemu ankachonga tiwiri. Mwanayu anamuphunzitsa tiwiri."

"Ndiye mwavomereza kuti ndi iye," anatero amayi motopa.

"Wadzuloyu anachonga titatu. Kachitatu ndi ka pulinta, kothandiza kuti makompyuta ena azitumiza mapepala kukasindikizidwa. M'nyumba muno muli pulinta?"

"Simunakhalepo."

"Ndiye mwana amene sanakhalepo ndi pulinta angachongerenji pulinta?"

Amalume anaseka pang'ono, mwaulemu, natseka Baibulo. "Pepani mayi, ndilowererepo. Tisavutitse namfedwa ndi tinthu tating'onoting'ono. Kameneko kamabwera kochongedwa kale. Mwanayu anangoiwala kuchotsa, basi."

"Kamabwera kochongedwa?"

"Nthawi zonse."

"Ndimayesa inu zanu ndi batani lobiriwira."

A Nesi anatsitsa kapu.

"Ndimaona anzanga akamachita," anatero amalume.

Mayi a Mawaya anatembenuza laputopu ija. Pa sikirini panali mndandanda womwewo, wa sisitimu yomweyo, mmene umabwerera munthu asanaukhudze. Analoza ndi chala. Kabokosi ka pulinta kanali kopanda kanthu.

"Kamabwera chonchi, bambo. Inuyo mwakachonga kambirimbiri kushopu kuja, mpaka mutu unaiwala kuti chimachonga ndi chala. Dzulo munakumbukira zonse zimene mwanayu anakuuzani za bambo ake. Koma chala chinapita kwawo." Anaima kaye. "Munachoka kushopu teni isanakwane ndi kiyibodi ya kompyuta yachitatu. Munatsegula ndi kiyi wa maliro. TV iyi munaikokera uko kuti ikhale sikirini yanu, n'chifukwa khoma lakalika apo."

Onse anayang'ana khoma. Panali mizere iwiri yoyera pa penti.

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. "Achimwene."

"Achemwali, mumvere anthu akunja kusiya magazi anu?"

"Achimwene, ndiyang'aneni."

Sanawayang'ane. Anayang'ana chikuto cha Baibulo, akuchisisita ndi chala chachikulu. Atayamba kulankhula, mawu ofewa aja anali atauma.

"Alamu anandilonjeza makina aja. Ali m'chipatala anati ukadzawafuna udzatenge. Akanangochita dzimbiri m'shedimo. Ndinati ndidzakuuzani misozi ikauma. Ndiye uyu n'kuyamba kulengeza za kamera, ngati ndine mbava ya pamsewu. Ndikanaoneka bwanji pamaso pa ana?"

"Ndiye munafufuta mwamuna wanga."

"Ndinkafuna za kamera zokha. Pasiwedi ndinalibe. Sindinadziwe kuti mawu aja ali pa disiki yomweyo, ndinkayesa ali mufoni mwanu. Mulungu ndi mboni."

"Mulungu musiyeni," anatero amayi. Mawu awo sanakwere. "Tinene kuti simunadziwe. M'mawa uja munadziwa. Munandiona ndikudina foni iyi. Munaona ndikuthamangitsa mwana wanga, inu n'kuvomera kuti mukamusunga. Mukanamadya naye mbale imodzi, akulira mlandu wanu."

Amayi analoza tebulo.

"Kiyi wanga ikani patebulo. Makina aja afike pano mawa dzuwa lisanalowe, a Magalasi adzawaone ngati ali onse. Akapanda kufika, Lolemba ndili kupolisi, ndipo ndikatchula dzina limene amayi athu anakupatsani."

Kiyi analira patebulo. Amalume ananyamuka, nafika pakhomo, a Nesi n'kupatuka pang'ono chabe, moti anachita kudutsa chammbali. Geti linatsekeka. Palibe anawaperekeza.

Wailesi anali ataima pakona nthawi yonseyi, atadziluma mlomo mpaka kuwawa. Amayi sanamuyang'anebe. Anayang'ana kansalu kamene Mayi a Mawaya anatulutsa m'chikwama.

"Atheratu?" anafunsa.

"Sindikulonjezani. Kufufuta kotereku kuli ngati kung'amba tsamba la zam'katimu m'buku. Masamba ena amatsala. Pamene sisitimu yatsopano inakhala, pamenepo papita, sipabweranso. Zotsalazo ndiyesa kuzitola, zitenga masiku. Koma zikabwera, zibwera zopanda maina, zosakanikirana, mwina masauzande. Zina zoduka pakati, zina phokoso lokha. Pafunika munthu wokhala pansi n'kumvera chimodzichimodzi, kuti adziwe kuti awa ndi malemu, ili ndi geti likungolira. Ine nthawi imeneyo ndilibe, komanso si mawu oti amvere munthu wakunja."

Amayi anaika foni ija pansi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, kenako anasendera mbali imodzi ya mpando wa malemu, mpando waukulu uja, mpaka panatsala malo a munthu wochepa thupi.

"Ndekha sindingathe," anatero. "Ndikamva mawu oduka pakati ndigwa. Mwana wanga, bwera ukhale apa. Timvera awiri."